Che Twaibu Ankafuna Manda Okhalamo Tsonga

Sabata yatha tinaika mayi Nangondo, ndipo chichokereni kumandako ndakhala ndikukangana ndi amuna awo mumtima. Amuna awowo, Che Twaibu, papita zaka zingapo tisanawaone, koma munthu uja ngakhale kulibe amatopetsabe. Ine ndine Dominiko, mkulu wa adzukulu m'mudzi mwathu muno, kufupi ndi ku Lobi. Ndinayamba kukumba manda ndili ndi mano onse m'kamwa. Anthu amene ndawakumbira ndi ambiri, ndipo onse ankangogona phee, osandifunsa kanthu. Mmodzi yekha ndiye anandivuta ndi manda ake, ndipo anandivuta ali moyo, akudya bwino, akuyenda ndi miyendo yake iwiri.

Anali Myao wa kumidzi ya kum'mawa kwa Boma. Kuno anabwera ndi hamala ndi lumo la malata kudzakhoma ndowa. Anaona a Nangondo akuchokera kudimba, basi, sanabwererenso kwawo. Anakhala mkamwini, Msilamu mmodzi yekha m'mudzi wa Akatolika okhaokha, mudzi umene nkhumba zimayenda pabwalo ngati eni ake. A Nangondo anawaimitsa kulandira Ukaristia chifukwa cha ukwatiwo. Iwo anangoti chabwino, n'kumapitabe Lamulungu lililonse kukakhala kumbuyo kwa tchalitchi. Mwana sanakhale naye. Anali awiriwiri basi, ndi phokoso la malata pansi pa mtengo wa pichesi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Ntchito ankaidziwa, izo sindingawanamizire. Koma kuti akuuzeni tsiku lodzatenga ndowa yanu, ha!

"Che Twaibu, ndowa yanga itha liti?"

"Mawa, Mulungu akalola."

"Dzulo munatero. Mkazi wanga azitungira m'chipewa?"

"A Dominiko, Izirailu akandipeza ndagwira hamala, sandidikira kuti ndimalize ndowa yanu. Ndiye ndikulonjezeni bwanji za mawa?"

Izirailu ameneyu ndi mngelo wa imfa m'chipembedzo chawo, ndipo ife tinafika pomudziwa kuposa oyera mtima a tchalitchi chathu chomwe. Ankati mngeloyo alibe nkhanza, alibenso chisoni, ndi wantchito chabe. Amangouzidwa dzina ndi nthawi, iye n'kunyamuka. Munthu wabwino amamusolola mzimu mofewa ngati madzi otuluka pakamwa pa kheni yothirira ndiwo, woipa amamuzula ngati chisoso mu bulangeti. Zimenezi akanamazinena pamaliro pokha zikanakhala bwino. Koma iwo ayi, paukwati pomwe, pamsika pomwe. Tsiku lina mlongo wanga anawaonetsa khanda lake. Analinyamula bwinobwino, n'kulisekerera, kenako akuti nalonso tsiku lake mngelo uja akulidziwa kale. Mlongo wangayo analanda mwana wake, ndipo kuyambira pamenepo ndowa zake ankakakhometsa ku Boma.

Koma Izirailu sankamuopa ayi. Amene ankawasowetsa mtendere ndi angelo awiri obwera pambuyo pake, Munkari ndi Nakiri. Ankati munthu akaikidwa, anthu n'kuyamba kubwerera kumudzi, wakufayo amamva mapazi awo akutalikira. Pamenepo awiriwo amafika, n'kumudzutsa kuti akhale tsonga, n'kumufunsa kuti Mbuye wake ndani, chipembedzo chake n'chiti, mtumiki wake ndani. Akayankha bwino, manda amafutukuka, kamphepo kabwino n'kumalowa. Akachita chibwibwi, manda amamupana mpaka nthiti kulowana. Ndiye taganizani munthu wokhulupirira zimenezi ndi mtima wake wonse, akuonerera mmene ife timaikira maliro: m'bokosi, chagada, misomali kho kho kho, dothi pamwamba. Ankabwerako kumanda atatuwa ngati wadwala malungo.

"A Dominiko, munthu mwamukhomera ngati katundu wopita ku Joni. Akamuuza kuti dzuka, adzuka bwanji?"

"Athuwa sadzuka lero, Che Twaibu. Adzadzuka tsiku lomaliza, lipenga likadzalira."

"Anuwo kaya. Ine adzandidzutsa tsiku lomwelo, inu musanafike n'kumphambano komwe."

Mantha awo anali amenewo, kuti adzafera pakati pathu, ife n'kuwaika mwachikondi koma molakwika, iwo n'kulephera kudzuka pamaso pa owafunsa. Ndipo chifukwa manda a m'mudzi muno amadutsa m'manja mwanga, mantha awowo anawasenzetsa ine.

Malo anasankha okha, m'mphepete mwa manda, pafupi ndi mtengo wa msuku. Kwathu kuno munthu wamoyo sasankha pogona pake, anthu amayamba kukuyang'ana ndi diso lina. Iwo analibe nazo ntchito. Kenako anabwera ndi malamulo, osati tsiku limodzi, koma pang'onopang'ono ngati mvula ya mawawa yosadziwika pothera. Bokosi ayi, nsalu yoyera yokha, imene iwo ankaitchula kuti sanda. Nsaluyo anagula kale, anaipinda m'kabokosi ka malata kamene anakhoma okha. Mutu kum'mawa, pamene ife timaloza kumadzulo. Agonere nthiti za kumanja, nkhope iyang'ane kumpoto, kumene ankaweramira popemphera. Afe m'mawa, aikidwe dzuwa lisanalowe. Adzukulu tsiku limenelo asanunkhe kachasu. Ndinawauza kuti pamenepo ndiye akapeze adzukulu a dziko lina. Koma chachikulu chinali chipinda cha m'mbali, pansi pa dzenjelo, chotalika moti munthu n'kukhala tsonga osagunda mutu.

"Mukuidziwa nthaka ya kuno, Che Twaibu? Mukakumba kufika m'chiuno mwapeza mwala. Mukufuna ndithyoke msana chifukwa cha alendo anu awiriwo?"

"Si alendo anga ndekha. Nanunso adzakupezani."

"Akadzandipeza adzawerama okha."

Anangondiyang'ana ngati mwana wosamva, n'kubwerera ku malata awo.

Chaka china tinakumba manda a malume awo a akatekisiti athu. Titamaliza tinapita pamthunzi kukamwa thobwa, kudikira kuti maliro anyamuke. Pobwerera tingomva kukhosomola m'dzenjemo. Abale inu! Anzanga awiri anataya mafosholo, liwiro la kumudzi, mmodzi mpaka anasiya nsapato. Ine ndinayandikira n'kusuzumira. Ndione Che Twaibu ali khale pansi pa manda a eni ake, kofia ili kumutu, akuyeza khoma ndi mkono.

"Mukutani m'menemo, bambo inu?"

"Ndimafuna ndione pamene mwala ukuyambira. Mbali ino si woipa kwambiri. Mukapinda piki chonchi, chipinda chituluka."

"Tulukani! Asa! Mukufuna anthu atiyese afiti tonse?"

Mlandu unakambidwa, ndipo akuluakulu anawalipiritsa nkhuku. Anabwera nayo osawiringula, koma anaumirira kuti aizinge okha mwa Chisilamu kuti nawonso adyeko. Ndipo anadyadi, ntchafu yonse, ife tikuyang'ana.

Ndikanati zathera pamenepo ndikanathokoza. Koma panali chinanso. Kwa iwo munthu akakwiriridwa, shehe amatsalira pamanda n'kumukumbutsa mokweza mayankho a mafunso atatu aja. Shehe wapafupi anali ku Boma, ndipo nthawi ya dzinja msewu wathu umadziwika, lole imagona m'matope. Ndiye Che Twaibu anaona kuti wodzawakumbutsa akhale ine. Ine Dominiko, wobatizidwa, wolimbitsidwa, woimba besi m'kwaya! Anayamba ndi Chiarabu. Lilime langa linakana, mawuwo ankatuluka ngati ndatsamwa ndi fupa la nsomba. Anagonja n'kunditembenuzira m'Chichewa. Kuyambira pamenepo panalibe pobisala. Ndili kumunda ndikupalira nyemba, uyo watulukira m'chimanga. Ndili pachigayo, uyo ali kumbuyo kwanga.

"A Dominiko, funso lachiwiri?"

"Ndisiyeni, Che Twaibu. Ine za chipembedzo chanu sindizikhulupirira."

"Sindinati mukhulupirire. Ndati mudzafuule."

Tsiku lina ndinapsa mtima zenizeni. Ndinawafunsa kuti munthu wopemphera kasanu pa tsiku, wosala chakudya mwezi wathunthu, angadzaiwale bwanji dzina la Mbuye wake. Tinali pamsika wa Lobi, anthu ali piringupiringu. Iwo anandilozera pachipata, pamene anyamata a chipani cholamula ankaimitsa anthu kufunsa makhadi a chipani.

"Simunaonepo munthu khadi ali nalo m'thumba, koma akamufunsa n'kusokonezeka, osalipeza? Awatu ndi ana a anzathu, tinawaona akukwawa. Nanga kuli bwanji angelo?"

Ndinawatseka pakamwa ndi dzanja langali. Masiku amenewo munthu ankasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo, ndipo iwo ankadziwa bwino. Anachotsa dzanja langa, n'kupukuta ndevu, n'kufunsa funso lachitatu.

Shehe uja anabwerapo kamodzi kudzawaona, munthu waulemu, wa njinga yakuda. Atamva za dongosolo lathuli anapukusa mutu. Anawauza kuti mawu a munthu wa chipembedzo china pamanda sathandiza kanthu, ndipo m'mandamo chimayankha ndi ntchito za munthu, osati lilime. Anawalangiza kuti ngati nkhawa yafika pamenepo abwerere kwawo, kwa abale awo, kumene akawaike mwa mwambo wonse popanda kupempha wina. Ine mumtima ndinavina. A Nangondo nawonso anati pitani bambo, musamazunzike chifukwa cha ine. Che Twaibu anatembenuza hamala m'manja, n'kuyankha shehe uja.

"Ndikapita, mayiwa atsala ndi ndani? Mwana tilibe. Kwathuko sangakakhale, kuno ndiye kwawo."

Shehe anakwera njinga yake. M'mawa mwake ndikutsegula chitseko, ndipeze munthu ali pakhonde panga, wafunda bulangeti, akudikira kundifunsa funso loyamba. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti njira yothawira mantha awo anali nayo, yotseguka, koma anasankha kukhala ndi mantha pafupi ndi mkazi wawo. Sindinawauze kuti zandikhudza. Ndinangoyankha funsolo mokalipa ngati kale.

Kenako kunabwera nkhondo ya ku Mozambiki. Malire ali pafupi, usiku mfuti tinkazimva. Anthu anayamba kutsika m'mapirimo ndi mitolo kumutu, mapazi atang'ambika, ana ali mbuu ndi chisanu. Tsiku lina m'nyengo yozizira, nkhungu isanachoke, kunafika mayi wina ndi ana ake. Mkazi wanga atamupatsa madzi, anamumva akutchula dzina la Mulungu mmene ankatchulira Che Twaibu asanamwe. Ndiye tinawaitana kuti adzalankhule naye. Mayiyo anafotokoza kuti mwamuna wake anawomberedwa ali m'njira, iye anayenda naye pang'ono, koma bamboyo anafera pafupi ndi kamtsinje, tsidya lina la malire. Analibe khasu, analibe nthawi. Anangomufunditsa masamba ndi nthambi, n'kuthawa ndi ana.

Che Twaibu sanamupepese n'komwe. Anangofunsa kuti nkhope inayang'ana kuti. Mayiyo anati sakudziwa, n'kuyamba kulira. Ine ndinachita manyazi m'malo mwawo.

M'mawa mwake anafika pakhomo panga atanyamula kabokosi ka malata kaja kukhwapa.

"Ndibwerekeni piki."

"Mukakumba chiyani?"

"Mwamuna wa mayi uja ali pamtunda osaikidwa, a Dominiko. Afisi amupeza."

"Mwapenga? Kumene anthu akuthawa ndi kumene inu mukupita? Munthuyo mukumudziwa? Ndi mbale wanu? Angelo anuwo ngati amafunsa, anamufunsa kale dzana, zatha!"

"Kaya amufunsa, kaya akudikira, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti Msilamu sagona pamtunda wina atamva."

"Nanga nsaluyo? Inuyo mudzavala chiyani?"

"Ndidzagula ina, Mulungu akalola."

Ndinawakaniza piki. Analowa okha kuseri kwa nyumba n'kuitenga, chifukwa ankadziwa pamene ndimaisunga. Ndinathamangira kwa a Nangondo kuti awaletse. Ndinawapeza akumanga mbatata ya kachewere yootcha m'kansalu, misozi ikutsika, manja osaleka kumanga. Anandifunsa ngati ine ndinayamba ndawaletsapo kanthu amuna awowo n'kutheka. Nditaona kuti zavuta, ndinatenga fosholo kuti ndiwaperekeze, ntchito ichitike msanga tili awiri. Anatembenuka panjira n'kundikalipira ngati ndawabera.

"Inu bwererani! Mukakafa kumeneko, ine adzandikumbutsa ndani?"

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinamva kwa munthu ameneyu. Osati tsalani bwino, osati muwaone a Nangondo. Mpaka pomaliza ndinali chida chawo, ngati piki yomweyo. Ndinaima panjirapo ndikutukwana chamumtima, iwo akukwera chitunda, kofia ikulowa m'nkhungu.

Sanabwerere. Patapita masabata, ena othawa nkhondo anatiuza kuti pafupi ndi kamtsinje kaja anaona manda atsopano, okumbidwa bwino, miyala itayalidwa mozungulira. Ndiye ntchito anaigwira, ndipo ndikudziwa kuti chipinda cha m'mbali anachikumba, mwala kapena ayi. Za iwo eni ake nkhani zinasiyana. Wina anati anaona nkhalamba ya kofia itasenzetsedwa katundu ndi anthu a mfuti. Wina anati anaona mtembo m'ngalande, chafufumimba, koma sanayandikire. Palibe amene ananena motsimikiza.

Nkhani itamveka, a tcheyamani a chipani a dera lathu anabwera madzulo ena. Sanakalipe, ananena motsitsa mawu, nawonso mantha ali m'maso. Anati m'mudzi muno palibe amene anawoloka malire, mwamva? Wina akafunsa, muziti Che Twaibu anapita kwawo kukaona abale. Maliro ayi, kulira ayi, chifukwa zikamveka ku Boma tidzafunsidwa kuti munthu wathu amakatani kwa anthu a mfuti, ndipo wofunsidwa sabwerako msanga. Ndiye munthu amene anatha zaka akukonza maliro ake sanalilidwe n'komwe. A Nangondo ankakalilira kudimba, atawerama ngati akuzulira kabichi.

Ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya. Munthu unandivutitsa zaka zonsezo, unandichititsa manyazi pamaso pa akatekisiti, unandiloweza mawu amene sindiwafuna, mpaka lero ndikamapalira amangotuluka okha pakamwa. Zonsezo kuti udzagone bwino, nkhope kumpoto, mutu osagunda. Kenako n'kutenga nsalu yako, manda ako, luso lonse, kukapatsa munthu amene sunamuonepo nkhope, iwe n'kukagwa chafufumimba m'ngalande. Uchitsiru wotani umenewu? Ndimafuna nditawaona kamodzi kokha kuti ndiwafunse. Ndipo ndimawasowa, zimenezonso ndinene, ndimawasowa koopsa.

A Nangondo anakhala okha zaka zotsalazo. Tchalitchi chinawabwezera Ukaristia, popeza panalibenso ukwati wowaletsa, koma anapitirizabe kukhala kumbuyo. Mwezi watha atadwalika anandiitanitsa. Ndinawapeza atagona pamphasa, mawu akutuluka movutikira.

"A Dominiko, ine ndi Mkatolika, mundiike m'bokosi, ndi mtanda, ndi nyimbo zathu. Koma mundiike pambali pa malo a bambo aja, mbali ya kumpoto. Mutu kum'mawa."

"Mayi, mutu kum'mawa si mwambo wathu. Akatekisiti akana."

"Akane. Bambo aja ankati adzagona choyang'ana kumpoto. Ndiye akatsegula maso aone ine, asaone mapazi anga."

Ndinafuna kuwauza kuti pamalopo palibe munthu. Koma ndinangoti ndamva, n'kutuluka, ndikung'ung'udza kuti banja limeneli lonse ndi limodzi, lobadwira kudzandivuta ine.

Akatekisiti anakanadi, ndipo tinakangana pamanda pomwepo, anthu akumva. Ndinawauza kuti nyimbo ndi zawo, dzenje ndi langa. Bokosi linatsika mmene mwini wake ananenera.

Dzulo ndinapitako kukaona ngati mvula yagumula mtumbira. Wa a Nangondo uli bwinobwino, dothi lofiira, nkhata za maluwa zayamba kufota. Pambali pake, chakum'mwera, pali malo a msinkhu wa munthu wamfupi. Palibe mtumbira, palibe mtanda, palibe mwala wolembedwa. Udzu wake ndi wosalala, ndipo masuku akugwerapo n'kuwolera pomwepo chifukwa ana satola za kumanda. Mbali zina zonse manda adzaza mpaka kufika pamsuku, ndipo anzanga ayamba kunena kuti malo abwino chonchi sangamangokhala. Ndawauza kuti ayambe aika ine. Mayi aja agona pamene nkhope ya amuna awo ikanayang'ana, ndipo pansi pa udzuwo pali dothi lokhalokha limene khasu silinalikhudzepo.